Momwe mungamangire, kuchepetsa ndi kukiya mafayilo anu ndi 7-Zip

Pa makompyuta ambiri a m'maofesi, m'masukulu ndi m'malo osindikizira mapepala mumapezeka WinRAR, pulogalamu yomanga mafayilo m'phukusi limodzi ndi kuwamasula, ndipo munthu akangotsegula fayilo ya zip, yomwe ndi phukusi lotere, kabokosi kamatulukira kokumbutsa kuti masiku 40 oyeserera anatha kalekale. Ena amangokatseka n'kupitiriza ntchito. Ena amakasaka WinRAR yobedwa pa mawebusayiti osadziwika bwino, n'kubwerako ndi mavairasi. Mavuto onsewa ndi odziputira, chifukwa pali pulogalamu ina yomwe imagwira ntchito yomweyo popanda kulipira ngakhale tambala. Dzina lake ndi 7-Zip.

Anailemba ndi Igor Pavlov wa ku Russia, ndipo inatuluka koyamba mu 1999. Mbali yaikulu ya pulogalamuyi ili pansi pa laisensi ya GNU LGPL, kutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu wowerenga momwe inalembedwera, kuikopera ndi kuigawira anzake. Mungaiike pa kompyuta ya kunyumba, ya kutchalitchi, ya kusukulu kapena ya pabizinesi, palibe adzakufunseni chiphaso. Kuti inalembedwa poyera n'kofunika kwambiri kwa ine, makamaka tikafika pa nkhani yokiya mafayilo: akatswiri a m'maiko osiyanasiyana amatha kuifufuza n'kunena poyera akapeza pobooka.

Kuitenga ndi kuiika

Lembani nokha adiresi iyi pamwamba pa brawuza: 7-zip.org. Musaiwale kamzere kali pakati pa 7 ndi zip. Musadalire zomwe zabwera koyambirira mukasaka pa Google, chifukwa pali mawebusayiti ena omwe amatengera dzinali koma amagawa pulogalamu yosakaniza ndi zoipa.

Patsamba loyamba pali mizere ingapo yolembedwa Download. Makompyuta ambiri a masiku ano amafuna ya 64-bit x64. Ngati mukukaika, tsegulani Settings, kenako System, kenako About, muwerenge pomwe palembedwa System type. Fayiloyo ndi yaing'ono, siifika 2 MB, ndiye bandulo yanu siimva kanthu. Ikatsika, idineni kawiri, dinani Install, ikatha dinani Close. Basi, yalowa.

Koma 7-Zip siidzikonza yokha ngati momwe amachitira mapulogalamu a pafoni. Mukaiika lero, ikhala momwemo mpaka inu mudzatenge yatsopano. Kumapeto kwa 2024 kunatuluka 24.09, yomwe inatseka pobooka pena pomwe akuba a pa intaneti ankadutsitsirapo mafayilo oipa popanda Windows kuchenjeza. Tsegulani 7-Zip File Manager, dinani Help, kenako About 7-Zip. Mukaona nambala yochepera pa yomwe ili pa 7-zip.org, pitani mukatenge yatsopano, muiike pamwamba pa yakaleyo.

Kumasula phukusi lomwe mwalandira

Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi. Pa Windows 10 muona 7-Zip pamndandanda nthawi yomweyo. Pa Windows 11 muyambe mwadina Show more options, ndipamene ionekere. Mukaloza pa 7-Zip patuluka mndandanda wina.

Langizo langa ndi loti musathamangire kumasula. Yambani ndi Open archive kuti muone zili m'katimo. Ngati munthu wati akutumizirani invoyisi kapena fomu ya ntchito, koma m'kati muli fayilo yothera ndi .exe, .scr, .js kapena .vbs, tsekani n'kufufuta. Chikalata chenicheni sichithera choncho.

Mukakhutira, bwererani pamndandanda uja musankhe mzere woyamba ndi Extract to wotsatiridwa ndi dzina la fayiloyo. Umenewu umapanga foda yatsopano n'kuika zonse m'menemo. Extract Here imakhuthulira zonse pomwe mulipo, ndipo ngati m'phukusimo munali mafayilo mazana, Desktop yanu idzaza mpaka kusowa poyambira kusesa.

7-Zip imamasula mitundu yambiri: ZIP, 7z, RAR, TAR, GZIP, ISO, CAB ndi ina. RAR imangomasula, siipanga, chifukwa njira yopangira RAR ndi ya eni ake a WinRAR ndipo sanailoleze kwa ena. Palibe chomwe mwataya pamenepo.

Kumanga lanu

Sonkhanitsani mafayilo onse mu foda imodzi, muipatse dzina lomveka kwa wolandira. Dinani fodayo ndi batani lakumanja, lozani pa 7-Zip, musankhe Add to archive. Patseguka bokosi lodzaza ndi zosankha. Musachite nalo mantha, zofunika ndi zochepa.

Choyamba ndi Archive format. Apa funso ndi limodzi: akatsegule ndani? Ngati mukutumiza ku ofesi kapena kwa munthu yemwe simukudziwa kuti ali ndi chiyani pa kompyuta yake, sankhani zip. Mtundu umenewu ndi wakale, anauyambitsa Phil Katz mu 1989, ndipo Windows, Mac ndi mafoni ambiri amautsegula popanda pulogalamu yoonjezera. Ngati ndi zosunga nokha, kapena mnzanuyo ali ndi 7-Zip, sankhani 7z, chifukwa njira yake ya LZMA2 kawirikawiri imachepetsa kuposa zip. Windows 11 inayamba kutsegula yokha 7z ndi RAR chakumapeto kwa 2023, koma makompyuta a Windows 10 akadali ambiri, ndiye musaganize kuti aliyense atha.

Chachiwiri ndi Compression level. Pali Store, Fastest, Fast, Normal, Maximum ndi Ultra. Ambiri amathamangira Ultra poganiza kuti ndiye yabwino. Imatenga nthawi yaitali, imadya memori yambiri, ndipo pa kompyuta ya 4 GB ya RAM zinthu zina zonse zimayamba kukwawa, pomwe phindu lake nthawi zambiri ndi lochepa. Pansi pa bokosilo pamalembedwa kuchuluka kwa memori yomwe ifunike, ndiye yang'ananipo musanadine OK. Normal imakwanira pa ntchito za tsiku ndi tsiku.

Apa ndipomwe anthu ambiri amakhumudwira, ndiye tikambirane bwinobwino. Munthu amamanga vidiyo ya ukwati ya 800 MB, kudikira mphindi zambirimbiri, n'kupeza kuti yatsika ndi pang'ono pokha, kenako n'kumati pulogalamuyi ndi yabodza. Si yabodza. Ntchito yake ndi kusaka zinthu zobwerezabwereza m'kati mwa fayilo n'kuzilemba mwachidule, mwanjira yoti pomasula zibwerere ndendende momwe zinalili. Thumba la thonje mukalitsendera limaphwa, koma la chimanga chotonola lili kale lothithikana, ngakhale mulikhalire silisintha. Zithunzi za JPG, nyimbo za MP3 ndi mavidiyo a MP4 anazitsendera kale pozipanga. Mafayilo a Word ndi Excel othera ndi .docx ndi .xlsx nawonso m'kati mwake ndi zip kale. Mutayesa kutsegula imodzi ndi Open archive muona timafayilo tambiri m'menemo. PDF yochokera ku sikana ndi zithunzi basi, ndiye nayonso siitsika kwenikweni.

Zomwe zimatsika kwambiri ndi zolemba wamba za .txt ndi .csv, zikalata zakale za .doc ndi .xls, zithunzi za BMP, mawu ojambulidwa a WAV, mafayilo a ma database, ndi mafoda okhala ndi mafayilo ambiri ofanana, monga malipoti a mwezi ndi mwezi. Ngati mukumanga zithunzi kapena mavidiyo okhaokha, sankhani Store. Siichepetsa kanthu koma imatha msanga, ndipo cholinga chanu choti zithunzi 200 zipite ngati fayilo imodzi chimatheka. Vidiyo kuti ichepe imafuna pulogalamu ina yosinthira mavidiyo, monga HandBrake, yomwenso ndi yaulere.

M'bokosi lomwelo muli kabokosi kolembedwa Delete files after compression. Kasiyeni kopanda chizindikiro. Chifukwa chake ndichifotokoza kumapetoku.

Kuduladula phukusi

Gmail imalola zomata pa imelo zosapitirira 25 MB. Fulashi yomwe inafomatidwa mwa njira yotchedwa FAT32 imakana fayilo imodzi yofika 4 GB ngakhale malo atakhalapo ambiri. Ndipo netiweki ikamadukaduka, kutumiza fayilo yaikulu kamodzi n'kutaya bandulo, chifukwa nthawi zina ikaduka chakumapeto mumayambiranso pachiyambi.

Pa zonsezi gwiritsani ntchito malo olembedwa Split to volumes, bytes. Lembanimo 15M ngati ndi za pa imelo, 100M ngati ndi za pa WhatsApp kapena Google Drive pa netiweki yofooka, 4000M ngati ndi za fulashi ija. Mukadina OK patuluka zidutswa zothera ndi .001, .002, .003 mpaka zonse zitakwana. Chimodzi chikakanika kupita, mumangotumizanso chomwecho.

Wolandirayo muuzeni zinthu zitatu: atsitse zidutswa zonse, aziike mu foda imodzi osasintha maina, ndipo amasule cha .001 chokha ndi 7-Zip. Zinazo zimatsatira zokha. Chikasowa chimodzi, phukusi silimasuka lonse.

Dziwaninso kuti Gmail imakana mafayilo a .exe ngakhale atabisidwa m'kati mwa zip. Komanso ngati olemba ntchito anena kuti mutumize kalata, CV ndi masatifiketi mu PDF imodzi, chitani zomwe anenazo, musawatumizire zip.

Kukiya ndi pasiwedi

Gawo ili ndi lomwe ndimafunitsitsa aliyense atalidziwa. Timasunga zithunzi za chitupa cha unzika, pasipoti, satifiketi ya MSCE, masitetimenti a kubanki ndi mndandanda wa malipiro a antchito pa fulashi yomwe timabwerekana, kuiiwala kosindikizira, kapena kuigwetsa mu minibasi. Woitola amangoilowetsa mu kompyuta n'kuwerenga zonse.

Kumanja kwa bokosi la Add to archive kuli gawo la Encryption. Lembani pasiwedi pa Enter password, muibwerezenso pa Reenter password. Ngati mwasankha 7z, njira yokiyira ndi AES-256, yomwe ndi yolimba kwambiri. Chonganinso Encrypt file names. Mukapanda kutero, munthu wopanda pasiwedi sangawerenge zikalatazo, koma amaona maina ake, ndipo dzina ngati "Zotsatira za kuchipatala" lanena kale zambiri.

Mukasankha zip, pa Encryption method pali ziwiri: ZipCrypto ndi AES-256. ZipCrypto ndi yakale ndipo odziwa amaithyola mosavuta. AES-256 ndi yolimba, koma Windows payokha siitsegula, ndiye wolandira afunika 7-Zip kapena pulogalamu yonga iyo. Komanso zip siibisa maina a mafayilo. Choncho pa zinthu zachinsinsi zenizeni, ine ndimasankha 7z n'kumuuza wolandirayo aike pulogalamuyi.

Kulimba kwa zonsezi kuli pa pasiwedi yanu. Dzina la mwana, chaka chobadwa kapena nambala ya foni, makompyuta amazilota m'kanthawi kochepa, chifukwa wakuba akakhala ndi fayiloyo amayesa kambirimbiri popanda womuletsa. Lumikizani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, muikemo manambala, ikhale yaitali. Musaitumize mu imelo yomweyo yomwe muli fayilo. Muimbireni munthuyo foni kapena mumulembere SMS. Ndipo mukaiiwala, zatha. Kulibe batani lobwezeretsa pasiwedi, kulibe ofesi yokadandaulako, ngakhale mlembi wa pulogalamuyi sangakutsegulireni. Ilembeni papepala musunge pomwe mumasunga zikalata zanu zofunika.

Kumbukiraninso kuti kukiya phukusi sikukiya mafayilo oyambirira aja. Ngati akadali pa fulashi pambali pa phukusilo, simunabise kanthu.

Pa foni, Mac ndi Linux

7-Zip ya mabatani ndi ya Windows. Ya Linux ndi Mac ilipo kuyambira 2021 koma ilibe mabatani, mumachita kulemba malamulo pa kabokosi kotchedwa terminal. Amene akufuna ya mabatani pa makina amenewo ayese PeaZip, yomwe anailemba Giorgio Tani wa ku Italy, nayonso yaulere ndi yolembedwa poyera, ndipo ya Windows iliponso. Pa Android, Files by Google imamasula zip wamba. Pa 7z ndi mafayilo okiyidwa ambiri amagwiritsa ntchito ZArchiver, yomwe ndi yaulere ngakhale kuti momwe inalembedwera si poyera.

Musanafufute kalikonse, yesani

Phukusi likatha kumangidwa, lidineni ndi batani lakumanja, lozani pa 7-Zip, musankhe Test archive. Ngati munakiya, ifunsa pasiwedi, ndipo apa ndipomwe mumatsimikiza kuti munailemba momwe mukuikumbukira. Ikatha iyenera kunena kuti There are no errors. Mukakopera phukusilo pa fulashi, yesaninso la pa fulashilo, makamaka ngati magetsi anazima kapena fulashi inazulidwa kukopera kuli m'kati.

Ndimaumirira zimenezi chifukwa 7z ilibe njira yodzikonzera yokha ikaonongeka, ndipo kawirikawiri imamanga mafayilo ambiri mophatikiza kuti achepe kwambiri. Pakaonongeka malo amodzi, mungataye mafayilo ambiri nthawi imodzi, osati imodzi yokha. N'chifukwa chake kabokosi ka Delete files after compression ndinati mukasiye. Ngati mukusunga zinthu za zaka zambiri, musaunjike zonse m'phukusi limodzi lalikulu: mangani la chaka chilichonse palokha, ndipo lililonse likhale malo awiri osiyana, monga pa hard drive yapadera ndi pa Google Drive. Mafayilo oyambirira muwafufute pokhapokha makope onse awiri atadutsa Test archive.