Mmene ndinapezera makolo a apongozi anga ku Skibbereen

Apongozi anga ankafuna kudziwa kumene agogo awo anabadwira, kufupi ndi tauni ya Skibbereen ku County Cork, Ireland. Vuto linali dzina: ndi lofala ngati Banda kwathu, moti m'kalembera wa 1901 ndi wa 1911 munatuluka mabanja ambirimbiri. Kubwerera m'mbuyo kunali kovuta, chifukwa zolemba zambiri za kalembera wakale zinapsa ku Four Courts, nyumba ya makhoti akuluakulu mu Dublin, mu 1922.

Chimene chinandipulumutsa ndi townland, timadera ting'onoting'ono ta kumidzi tokhala ndi mayina akeake. Apongozi anakumbukira dzina la kaderako pa kalata yakale. Ndinalifufuza mu Griffith's Valuation, kaundula wa malo wa pakati pa 1847 ndi 1864, ndipo mabanja anatsala ochepa.

Kenako ndinatsegula mabuku a ubatizo a Akatolika, amene National Library of Ireland inaika pa intaneti mwaulere. Inki yake ndi yosuluka, Chilatini chake chofupikitsidwa. Musamathamangire dzina la mwana lokha. Ine ndinatsata mboni za ubatizo, popeza kawirikawiri anali abale kapena oyandikana nawo, ndipo mayina awo ndi amene analekanitsa banja lathu ndi enawo.