Kuuma kwa kunjira ya abambo mukasiya kupita kumwezi: zoyenera kuchita kuno ku Joni

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ku Rosettenville, mayi wina anandikokera pambali, nadikira kuti anthu onse adutse kaye. Ndi mayi wa zaka zopitirira 50, amagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg ndipo kwa mwamuna wake amabwerako Loweruka lokha. Anati: "Alangizi, ine ndatopa. Mwezi ndi mwezi ndikugula mankhwala a mauka ku famase, koma kuyabwa sikukuleka. Bambo akunyumba akati andiyandikire, ndimamva ngati andicheka ndi lezala. Pano ayamba kunena kuti ndili ndi wina kuntchitoko." Nditafunsa kuti kumwezi anasiya liti, anati chino ndi chaka chachitatu. Nditafunsa za madzi osamba, anandiuza monyadira kuti m'beseni amathiramo Dettol m'mawa ndi madzulo, ndipo amatsuka mpaka m'kati.

Mayiyu analibe mauka, analibenso matenda opatsirana pogonana. Kukiliniki anakapeza kuti njira ya abambo yauma ndipo khungu lake lapyapyala chifukwa chosiya kupita kumwezi. Vutoli limagwira pafupifupi theka la amayi amene anasiya kupita kumwezi, chonsecho pa Mvano kapena pa chilangizo simudzalimva likutchulidwa. Anankungwi anatiphunzitsa za kutha msinkhu, za ukwati, za pakati, koma za msinkhu uno anatisiya tokha.

Amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo timati mwasiyadi pakatha miyezi 12 osaona kanthu. Nthawi imeneyi thupi limachepetsa kwambiri kupanga homoni yotchedwa estrogen. Homoni imeneyi ndi imene imasunga khungu la m'kati mwa njira ya abambo kuti likhale lochindikala, lonyowa, lotha kutamuka, komanso loyenda magazi bwino. Ikachepa, khungulo limakhala ngati nsalu yochapidwachapidwa: limapyapyala, limauma, silichedwa kung'ambika. Tizilombo tabwino timene timateteza malowa timachepanso, ndiye toyipa timapeza mpata. N'chifukwa chake mayi amamva kuyabwa, kuwotcha, kuthetheka, kupweteka pokhala malo amodzi ndi abambo, mwinanso kuona timagazi akamaliza. Njira ya mkodzo ndi chikhodzodzo nazo zimadalira homoni yomweyi. Mukaona kuti mkodzo ukukuthamangitsani pafupipafupi, mukudzuka kangapo usiku, kapena matenda a m'chikhodzodzo akungobwererabwerera, n'kutheka kuti muzu wake ndi umodzi. Madokotala anaziphatikiza zonsezi pa dzina limodzi mu 2014, akuti genitourinary syndrome of menopause, ngakhale ambiri akadanenabe kuti vaginal atrophy. Zimachitikanso kwa mayi woyamwitsa, wochotsedwa mabasiketi a mazira pa opaleshoni, ndi amene akulandira chithandizo cha khansa.

Chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi. Kutentha thupi ndi thukuta la usiku lija zimatha zokha kwa amayi ambiri pakapita zaka. Kuuma uku ayi, kukasiyidwa kumangonka kukukula. Ndiye zoti "ndipirire, zitha" pano sizigwira.

Choyamba n'kusiya zimene zikuwonjezera moto. Apa ndilankhula mosapsatira, amayi anzanga. Ambirife tinakula tikuuzidwa kuti mkazi wabwino ndi wouma, ndipo chinyezi ndi uve. Tinazolowera kutsuka m'kati ndi chala, kupukuta ndi kansalu, ena kuikamo mankhwala achikuda, timiyala kapena fodya wa snuff kuti "kukhale kothina". Kuno ku Joni zoterezi zimagulitsidwa m'misewu ndi pa WhatsApp, zinthu zolonjeza kubwezera utsikana. Ngakhale kwa mtsikana zinthu zimenezi n'zowononga, nanga kwa inu amene khungu lapyapyala kale? Kumakhala kuthira mchere pa bala. Dettol, Savlon, sopo wa Sunlight wochapira zovala, sopo wonunkhira, mandimu, viniga, zonsezi zisafike kumalo amenewo. Tsukani kunja kokha ndi madzi ofunda, kamodzi patsiku n'kokwanira, pukutani mogunditsa thaulo osati mokhula. M'kati mumadziyeretsa mokha. Valani kabudula wam'kati wa thonje, ndipo usiku mutha kugona opanda. Amene mumasuta kapena kufwenkha fodya, dziwani kuti fodya wosuta amafulumizitsa kusiya kusamba ndipo amakulitsa kuumaku.

Mankhwala a mauka aja, monga Canesten, amapha fangasi basi. Ngati vuto lanu si fangasi, mukungotaya ma rand. Musamwenso ma antibayotiki otsala kwa mnzanu.

Kenako pali zinthu ziwiri zimene mungagule nokha ku Clicks kapena ku Dis-Chem popanda kalata ya dokotala, ndipo anthu amazisokoneza. China ndi mafuta otereretsa, monga K-Y Jelly, ogwiritsa ntchito pa nthawi ya kuchipinda pokha. Pakani okwanira, kwa inu ndi kwa abambo omwe, musaumire ayi. Akauma pakati pa ulendo onjezerani. Sankhani opangidwa ndi madzi kapena silicone, ndipo pewani aja onunkhira zipatso kapena otenthetsa, chifukwa pa khungu losalimba amawotcha. Vaseline, mafuta a mwana ndi mafuta ophikira amaononga kondomu mpaka kuphulika, ndiye ngati mumagwiritsa ntchito kondomu musaziyerekeze. Chinacho ndi mankhwala onyowetsa, monga Replens. Awa si a nthawi ya kuchipinda. Mumaika m'kati pakatha masiku awiri kapena atatu alionse, kaya abambo alipo kaya kulibe, monga mmene mumadzolera mafuta pakhungu mu June ndi July muno mphepo ya ku Joni ikayamba kung'amba milomo ndi zidendene. Kwa amene vuto lawo ndi laling'ono, ziwirizi zimakwanira.

Koma ngati kukupweteka kwenikweni, kapena mkodzo ukuvutitsa, mankhwala amene amafika pa muzu ndi estrogen woika kumalo komweko. Ameneyu muyambe mwaonana kaye ndi dokotala. Alipo wa kirimu, monga Premarin ndi Synapause, ndiponso timapiritsi ting'onoting'ono totchedwa Vagifem. Kapiritsi ka Vagifem kamabwera katakhala kale kunsonga kwa kapulasitiki kooneka ngati cholembera. Mukasamba m'manja nthawi yogona, gonani chagada mawondo mutapinda, lowetsani kapulasitikiko pang'onopang'ono mpaka pamene mukumva kuti pakwana, dinani kumapeto kwake kuti kapiritsi katsale m'kati, kenako tulutsani ndi kutaya. Mumatero tsiku lililonse kwa masabata awiri, kenako kawiri pa sabata basi. Sankhani masiku osaiwalika, mwachitsanzo Lolemba ndi Lachinayi, muike alamu pa foni. Wa kirimu amabwera ndi kachubu koyezera. Muyezo wake tsatirani umene dokotala walemba, ndipo kachubuko muzikatsuka ndi madzi ofunda mukamaliza. Ngati kuuma kwafika poti kachubu sikakulowa, yambani ndi kupaka ndi chala pakhomo ndi m'kati pang'ono. Kirimuyu si mafuta otereretsa, musamupake nthawi yoti mukhale ndi abambo, komanso wina amafooketsa kondomu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusintha kumayamba kumveka pakatha masabata angapo, koma kuti khungu libwerere bwinobwino pamatenga pafupifupi miyezi 3. Ndaona amayi akusiya pa sabata yachiwiri n'kumati sakugwira ntchito. Ena amasiya atangopeza bwino, ndiye pakapita miyezi ingapo amabwereranso ndi dandaulo lomwe lija. Mankhwalawa amagwira ntchito pamene mukuwagwiritsa ntchito. Mukasiya, kuuma kumabwerera.

Kapepala ka m'bokosi kamaopsa, ndikudziwa. Kamatchula khansa ya m'mawere, kuundana kwa magazi ndi sitiroko, ndipo mwana wanu akakuwerengerani mutha kutaya bokosi lonse. Machenjezo ambiriwo anachokera ku mapiritsi a mahomoni akumwa, amene amayenda thupi lonse. Woika kumaloyu muyezo wake ndi wochepa kwambiri (kapiritsi ka Vagifem kamakhala ndi ma microgram 10 okha) ndipo wolowa m'magazi ndi wochepetsetsa. Komabe pali amene sayenera kuyamba asanakambirane ndi dokotala mwatsatanetsatane: amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya chiberekero, makamaka amene akumwa tamoxifen, letrozole kapena anastrozole, ndi amene magazi anawaundanapo m'mwendo kapena m'mapapo. Muuzeni dokotala mankhwala onse amene mukumwa, kaya a BP, a shuga kapena ma ARV. Ndipo musabwerekane mankhwalawa ngati mchere.

Tsopano nkhani ya magazi. Mayi amene anatha miyezi 12 osasamba akaona magazi, ngakhale kadontho kamodzi pa kabudula, apite kuchipatala sabata yomweyo. Musanene kuti "mwezi wabwerera". Nthawi zambiri chimakhala chifukwa cha kuuma komweku, koma khansa ya chiberekero ndi ya khomo la chiberekero zimayambanso chonchi, ndipo ife a ku Malawi tili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Chimodzimodzi chikazi chonunkha, chotupa, chilonda chosapola, kapena zigamba zoyera zoyabwa kunja: izi zimafuna maso a dokotala, osati kirimu wogula. Ku South Africa boma limayeza khomo la chiberekero (Pap smear) mwaulere katatu pa moyo wa mayi, kuyambira zaka 30, pakatha zaka 10 zilizonse. Amene ali ndi HIV amayezedwa pakatha zaka 3 zilizonse. Ngati simunayezetsepo, pemphani tsiku lomwelo.

Yambirani kukiliniki ya m'dera lanu, kaya ku Hillbrow, ku Yeoville, ku Diepsloot kapena kwina kumene mukukhala. Anesi akaona kuti pakufunika dokotala wa amayi adzakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu monga Rahima Moosa ku Coronationville, Charlotte Maxeke ku Parktown, kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Nyamulani pasipoti kapena pepala lililonse limene muli nalo, kadi la kukiliniki, ndi mabokosi a mankhwala amene mukumwa. Ndikudziwa kuti kwa ife obwera, kupita kukiliniki si kophweka: tsiku la ntchito limatayika, mzere ndi wautali, ndipo nthawi zina timalandiridwa ndi nkhope zosasangalala. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo chaumoyo. Amene muli ndi kangachepe mutha kuonana ndi dokotala wapulaiveti kamodzi, akulembereni kalata yobwereza, muzikagula ku famase.

Chimene chimagwetsa amayi ambiri ndi pakamwa. Munthu wadikira kuyambira 6 koloko m'mawa, akalowa n'kupeza nesi wamng'ono ngati mwana wake, basi manyazi amugwira, n'kunena kuti mutu ukupweteka, n'kutuluka ndi Panado. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chimakuthawani pa nkhani zotere, lembani pa kapepala musanachoke kunyumba: menopause, vaginal dryness, pain during sex, ndi chaka chimene munasiya kusamba. Mungomupatsa nesiyo kapepalako. Poyeza, pemphani kuti agwiritse ntchito chipangizo chaching'ono ndi mafuta otereretsa, ndipo kukapweteka nenani.

Abambo nawo muwauze. Mwamuna akamakanidwa usiku ndi usiku popanda chifukwa, amadzipangira yekha chifukwa, ndipo chimene amapanga sichikhala chabwino. Inu abambo amene mukuwerenga, mkazi wanu sanakutayeni, thupi lake lasintha; pamafunika nthawi yokwanira yosisitana, mafuta aja, ndi kuleka pamene wanena kuti kukupweteka. Kumudzi ena amati mayi akasiya kusamba asiyenso za kuchipinda, chifukwa umuna ulibe potulukira ndipo utupitsa mimba. Zimenezo si zoona. Kukhala malo amodzi kosapweteka kumathandiza kuti magazi aziyenda kumaloko ndipo njira isafupike. Amene simukufuna, kapena muli nokha, palibe chokukakamizani, koma kuyabwa ndi vuto la mkodzo muchizebe. Kumbukiraninso kuti kusiya kubereka sikutseka khomo la HIV. Khungu long'ambika msanga limapereka mpata waukulu kwa kachilombo. Ngati simukudziwa mmene mnzanuyo alili, makondomu a Max amaperekedwa ulere m'makiliniki a boma.

Mayi wa ku Randburg uja ndinakumana naye patapita miyezi inayi ku Park Station, akukweza katundu m'basi ya ku Blantyre. Dettol anasiya, mkodzo unaleka kumudzutsa usiku. Anandionetsa mabokosi awiri a mankhwala amene anawakulunga m'chitenje pansi pa chikwama cha m'manja, poti kumudzi akakhalako mpaka January ndipo sakufuna kudukiza. Ngati nanunso mukupita kumudzi pa Khirisimasi, werengani masabata amene mukakhale, mugule okwanira musananyamuke, munyamule ndi kalata ya dokotala chifukwa cha pa Beitbridge ndi pa Mwanza, ndipo mankhwalawo akhale m'chikwama cha m'manja, asakapse ndi dzuwa mu ngolo ya katundu.