Zisa za zinziri zasiya kupondedwa ndi ng'ombe kubusa kwanga

Anzanga oweta, vuto langa linali loti mbalame zoikira mazira pansi, zinziri ndi nkhwali, zinayamba kusowa kubusa. Zisa zomwe ndimapeza zinali zopondedwa, udzu wonse wafupika ngati wametedwa poti ng'ombe zimangodya paliponse nthawi imodzi.

Ndinagulitsako ng'ombe zina, sizinathandize, zotsalazo zimangounjikanabe pafupi ndi madzi. Kenako ndinatchinga mbali ina osalowetsamo ng'ombe olo pang'ono, udzu unakula mpaka kugwa, zitsamba kuyamba kumera, mbalame zake osabwera.

Chomwe chagwira ndi ichi. Ndinagawa busa m'magawo ndi waya wamagetsi wa sola uja wosavuta kusuntha, timitengo take ta pulasitiki mumangozika ndi phazi. Udzu ukadyedwa kufika theka ndimasamutsa ng'ombe, osadikira kuti ziyeretseretu. Gawo lomwe mbalame zikuikira ndimalitseka nyengo yonse yoswa, chifukwa zinziri imafungatira masiku 17 mpaka 20 ndiye anapiye akaswedwa amafunanso pobisala.

Koma chachikulu kwambiri, sunthani chomwera madzi ndi mchere wonyambita uja. Ng'ombe imatsata madzi basi, pomwe pali madzi ndi pomwe imapondaponda tsiku lonse, ndiye mukaziika kutali ndi zisa ng'ombe zimachokako zokha olo waya atazima usiku. Ndalama zambiri zinapita pa mapaipi ndi batire, wayayo siwodula kwenikweni.

Udzu wosunga ndimadula anapiye atayamba kuuluka, kuyambira pakati kumapita kunja kuti azithawira m'mbali, ndipo mphepete mwa waya ndimasiyako kamzere kosadula.