Momwe mungalimire khofi wokoma: nkhani yake imayambira pa mbande

Anthu ambiri akamwa khofi wowawa kwambiri amaloza chala wokazinga, ena amati vuto ndi madzi, koma kunena zoona zambiri zimene mukumva pa lilime zinapangidwa kale chipatso chili pa mtengo. Wokazinga amangotulutsa zomwe njere yabwera nazo, sangaikemo shuga amene mtengo sunaikemo. Nde ngati mukufuna kudzala khofi, kapena muli naye kale koma ogula akumangoti ndi wamba, tsatani ndondomeko iyi.

Choyamba, dziwani zimene zili mkati mwa njere

Njere yaiwisi ya khofi ili ndi zinthu zambirimbiri koma zoti mlimi azisunge m'mutu ndi zisanu. Pali kafeini, amene amawawa ndipo ndi amene amachotsa tulo, mtengo umamupanga kuti udziteteze ku tizilombo. Pali chlorogenic acid, iyi ikachuluka khofi amawawa komanso amathethetsa mkamwa. Pali shuga, amene pokazinga amasanduka fungo labwino lija ndi kakomedwe kotsekemerera. Pali mafuta, amene amasunga fungolo ndipo amapangitsa khofi kumveka wolemerera pa lilime. Chomaliza ndi trigonelline, amene pamoto amasweka n'kupereka fungo lina komanso vitamini B3. Ntchito yonse imene ndikunena pansipa cholinga chake n'chimodzi basi, shuga ndi mafuta akwanire mu njere, zowawa zisapitirire muyeso.

Chachiwiri, yezani malo anu musanagule mbande

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, amagula mbande chifukwa mnzawo wayitama, malo osawayang'ana n'komwe. Khofi amene amalimidwa kwambiri padziko ndi wa mitundu iwiri, Arabica ndi Robusta, ndipo mkati mwake ndi wosiyana kutalitali. Arabica amakhala ndi kafeini pafupifupi 1.2 peresenti pomwe Robusta amafika cha m'ma 2.2 peresenti, ndiye kuti pafupifupi kuwirikiza kawiri. Shuga mu Arabica ndi 6 mpaka 9 peresenti, mu Robusta ndi 3 mpaka 7. Mafuta mu Arabica amafika 15 mpaka 17 peresenti, Robusta cha m'ma 10. Chlorogenic acid nde amachuluka mu Robusta. N'chifukwa chake Robusta amawawa olo mumusamale bwanji, ndi chibadwa chake, ndipo sikuti ndi khofi woipa ayi, ali ndi msika wake makamaka wa khofi wosungunula m'madzi uja ndi wa espresso, khofi wamphamvu wopangidwa ndi makina.

Arabica amafuna kozizirira, madigiri 18 mpaka 22, ndipo m'maiko otentha nyengo yotereyi imapezeka pamalo okwera mamita 1,000 mpaka 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Robusta amasangalala kotentha, madigiri 22 mpaka 26, m'malo otsika. Foni zambiri masiku ano zili ndi GPS yomwe imakuuzani kukwera kwa malo, imani pakati pa munda muone. Mukakwera mamita 100 aliwonse kutentha kumatsika ndi pafupifupi madigiri 0.6, nde munda wa m'munsi mwa phiri ndi wa pamwamba atha kubala khofi wosiyana ngakhale mbande zinachokera ku nazale imodzi. Ngati malo anu ndi otsika komanso otentha, musakakamire Arabica, mudzavutika ndi matenda ndipo njere zake zidzakhala zopepuka zopanda kakomedwe.

Chachitatu, sankhani mtundu weniweni mkati mwa Arabica

Kungoti Arabica sikokwanira. Makolo a mitundu yambiri ndi awiri, Typica ndi Bourbon, ndipo Bourbon anatenga dzina ku chilumba chomwe pano chimatchedwa Réunion. Onsewa amakoma bwino koma amabereka pang'ono ndipo matenda a chiwawu cha masamba amawagwira msanga. Matendawa si ocheza, ndi omwe anathetsa ulimi wa khofi ku Ceylon, komwe pano ndi Sri Lanka, kuyambira mu 1869. Caturra ndi Bourbon yemweyo amene anasintha yekha n'kukhala wamfupi, anapezeka ku Brazil. SL28 anasankhidwa ku Kenya m'zaka za m'ma 1930, amapirira chilala ndipo amadziwika ndi kuwawasa kokoma ngati kwa zipatso. Geisha anachokera ku Ethiopia, anakhala zaka zambiri ku Central America anthu osamulabadira, mpaka mu 2004 pomwe munda wa Hacienda La Esmeralda ku Panama unapambana naye mpikisano chifukwa cha fungo lake ngati la maluwa. Koma Geisha yemweyo mukamudzala pamalo otsika fungo lija silituluka bwino, ndipo apa ndi pomwe mumaonera kuti mtundu ndi malo zimayendera limodzi.

Kenako pali Catimor. Pa chilumba cha Timor Arabica ndi Robusta anakwatirana okha m'munda n'kubala mtengo wosagwidwa chiwawu, ndipo mu 1959 akatswiri ku Portugal anaphatikiza mtengo umenewu ndi Caturra, ndi mmene Catimor anabadwira. Ndi wamfupi, amabereka msanga komanso kwambiri. Ogula ena amamunyoza ati ali ndi magazi a Robusta, ndipo n'zoona kuti akalimidwa kotentha n'kumusiya abereke mopyola amamveka wowawa ngati khungwa la mtengo. Ine maganizo anga ndi oti ngati kwanuko chiwawu chimavuta ndipo mankhwala opopera simungawakwanitse chaka ndi chaka, Catimor wosamalidwa bwino aposa Bourbon wothothoka masamba, chifukwa mtengo wopanda masamba sungapange shuga, olo dzina lake litchuke chotani.

Chinanso, Arabica amadzipatsa yekha mungu, nde njere za Bourbon kapena Typica zimabala mtengo wofanana ndi mayi wake. Koma mitundu ya haibulidi ngati Ruiru 11 wa ku Kenya, amene anatulutsidwa mu 1985, musamatole njere pansi pa mtengo n'kufesa, ana ake amatuluka osiyanasiyana. Gulani mbande ku nazale yodalirika ndipo funsani dzina la mtundu, mulilembe.

Chachinayi, chedwetsani kupsa kwa chipatso

Ngati pali chinthu chimodzi choti mutenge pa nkhani yonseyi ndi ichi. Chipatso cha Arabica chimatenga miyezi 6 mpaka 9 kuchokera pa maluwa kuti chipse, Robusta 9 mpaka 11. Miyezi yomalizira ndi yomwe njere imadzaza ndi kulimba. Kukatentha kwambiri khungu limafiira msanga njere mkati isanamalize, kunja kumaoneka kuti zatheka koma mkati mulibe kanthu. Kozizira, makamaka kozizira usiku, chipatso chimapsa pang'onopang'ono, njere imakhala yolimba yolemera ndipo kuwawasa kwake kumakhala kokoma.

Phiri simungalisunthe koma mthunzi mungaudzale. Mitengo yotalika ya masamba ang'onoang'ono ngati Grevillea kapena Albizia imachepetsa kutentha masana ndipo masamba ake akagwa amasanduka manyowa. Mthunzi wake ukhale wa mawangamawanga, dzuwa lizilowa ndithu, osati mdima wa m'nkhalango, chifukwa ukachuluka maluwa amachepa ndipo chinyezi chimaitana matenda. Malo akakhala otentha mthunzi umathandiza kwambiri, akakhala okwera ndi ozizira kale mthunzi wochepa chabe ukwanira. Pansi phimbirani ndi udzu wouma kuti nthaka isaume nthawi yomwe njere ikudzaza, koma udzuwo usakhudze tsinde.

Chachisanu, nthaka ndi kudulira

Khofi amafuna nthaka yakuya yosadikha madzi, ya pH (muyeso wa asidi mu nthaka) pakati pa 5.5 ndi 6.5. Yezetsani nthaka musanathire feteleza. Nayitrojeni amafunika kuti masamba akule, koma nthawi ya zipatso mtengo umadya potaziyamu wambiri, ndi amene amathandiza kunyamula shuga kuchoka m'masamba kupita ku chipatso. Makoko a khofi amene mwasenda musataye, awoletseni n'kuwabwezera m'munda, ali ndi potaziyamu.

Kudulira nako anthu amakuchitira ulesi, kapena amamva chisoni kuchotsa nthambi yomwe ili ndi zipatso. Koma taganizani, masamba ndi omwe akuphika chakudya, zipatso ndi zomwe zikudya. Zikachuluka kuposa masamba chilichonse chimalandira pang'ono, njere zimachepa, nsonga za nthambi zimauma ndipo chaka chotsatira mtengo umapuma osabereka. Chotsani mphukira zosafunika ndi nthambi zokalamba mukangomaliza kukolola.

Tizilombo natonso timasintha kakomedwe. Kachilombo ka antestia kakaboola chipatso, njere zina zimatha kununkha ngati mbatatesi yaiwisi, vuto lodziwika ku Rwanda ndi Burundi, ndipo njere imodzi yokha imaononga kapu yonse. Mtengo wodulira bwino wolowa mphepo tizilomboti sitisangalala nawo.

Chachisanu ndi chimodzi, thyolani zakupsa zokha

Tengani chipatso chofiira bwinobwino muchifinye ndi zala ziwiri. Chakupsa chimatulutsa njere mosavuta, zili zoterera, ndipo madzi ake mukanyambita ndi otsekemera. Chosapsa chimalimba, mumachita kukanikiza, ndipo madzi ake ndi osamveka kanthu. Pali mitundu ina yomwe imapsa yachikasu ngati Yellow Bourbon, nde muzidziwa mtundu wanu. Njere yosapsa ili ndi shuga wochepa, ndipo mudzaiona pokazinga, zinzake zonse zada bwino iyo yangokhala yotuwa mbuu, mukaitafuna imamveka ngati pepala. Khofi sapsa tsiku limodzi, muyenera kubwerera mu mzere womwewo kangapo, masiku 7 mpaka 14 aliwonse. Ndi ntchito yotopetsa zedi koma kukolola mopulula nthambi yonse kumataya zonse zomwe mwavutikira chaka chathunthu.

Mukathyola thirani zipatsozo m'madzi, zoyandama zichotseni, zambiri mwa izo ndi zopanda kanthu mkati kapena zobooka. Sendani tsiku lomwelo. Ngati mukuvundika kuti kuterera kuchoke, nthawi zambiri zimatenga maola 12 mpaka 36 malinga ndi kuzizira, gwirani ndi dzanja, zikayamba kukhakhala ngati timiyala tsukani pompo, mukachedwa zimanunkha ngati viniga. Yanikani pa thandala osati pa dothi, muzitembenuza, mpaka chinyezi chifike 10 mpaka 12 peresenti. Zosauma bwino zimachita chuku ndipo chuku china chimapanga poizoni wotchedwa ochratoxin A.

Chomaliza, lawani nokha ndipo muzilemba

Musasakanize khofi yense m'thumba limodzi musanamulawe. Patulani pang'ono wa mtundu uliwonse, wa pamthunzi ndi wa padzuwa, wa kumtunda ndi wa kumunsi kwa munda. Kazingani onse mofanana, osadetsa kwambiri chifukwa wakuda bii amangomveka moto basi, kusiyana konse kumabisika. Akatswiri olawa amaika magalamu 8.25 a khofi wopera pa mamililita 150 a madzi otentha madigiri 93, amadikira mphindi 4, amachotsa zoyandama pamwamba kenako n'kumalawa ndi supuni. Inunso chitani chimodzimodzi, shuga ndi mkaka musaike, ndipo pansi pa kapu iliyonse mamatizani kapepala ka dzina kuti musadziwe yomwe mukulawa mpaka mutamaliza. Lawaninso khofiyo akazizira, ndi pomwe kutsekemera kapena kuthetha kumamveka bwino. Lembani m'kope mtundu, mbali ya munda, tsiku lothyola ndi zomwe mwamva, ndipo chaka chamawa mukadzaonjezera mthunzi kapena kusintha feteleza mbali imodzi, mbali inayo muisiye momwe ilili kuti mudzakhale ndi pofananizira.