Momwe mungasokere chofunda cha zigamba, buloko imodzi mwezi uliwonse

Amayi atatisiya, sutikesi yawo ya zitenje inagwera ine. Achemwali anasankhamo zatsopano zingapo, zotsalazo anati poti ndine wodziwa makina ndione chochita nazo. Zinakhala pansi pa bedi chaka chathunthu. Kuvala sindikanatha, kupatsa anthu mtima sunkalola, ndipo ndinkaopa kuti njenjete zindiyambirira.

Tsiku lina ndinaona pa YouTube amayi a ku America akusoka chimene amati quilt, chofunda cha zigamba zolumikizalumikiza. Chinandikopa n'chakuti ambiri sachisoka kamodzin'kamodzi. Amasoka sikweya imodzi pamwezi, imene amaitcha buloko, ndipo chaka chikamatha amakhala ndi mabuloko 12 oti alumikize. Mapatani a mabulokowa kwawoko ndi akalekale: nyuzipepala ya Kansas City Star inkawasindikiza kuyambira 1928 mpaka 1961, anthu n'kumadula n'kusunga. Masiku ano masitolo a nsalu amatumizira makasitomala patani ndi nsalu zake mwezi ndi mwezi. Kuno wotitumizira palibe, koma zitenje tili nazo, ndipo pansi pa makina a telala aliyense pamagwa zidutswa tsiku ndi tsiku. Ine ndasoka chimodzi mpaka kumaliza, ndiye ndikuuzeni mmene ndinayendera.

Yambani ndi nsalu. Zitenje zokhazokha zikagundana maluwa ndi maluwa, diso limasowa popumira, choncho mufunika nsalu ina yopanda maluwa, yoyera kapena yonga mkaka, mamita atatu. Gulani yonse tsiku limodzi pa mpukutu umodzi. Mukati ndidzawonjezera pakati pa chaka mudzapeza kuyera kwake kwasiyana, ndipo chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa nsalu sukhazikika, wa lero si wa mwezi wa mawa. Zidutswa za zitenje zowonjezera pemphani kwa telala amene amakusokerani. Ine ndinangoti, “Bambo, zidutswazi musamatayetu, muzindisungira mu jumbo.” Ena amangopereka, ena amafuna ya fanta, ndipo zimachuluka nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati komanso Khirisimasi ikayandikira.

Chenjerani ndi ogulitsa amene chilichonse amati ndi wakisi weniweni. Wina mumsika anandilumbirira kuti chitenje chake ndi thonje lokhalokha, kufika nacho kunyumba simbi inangochikhudza n'kukwinyika. Dulani kachidutswa, kayatseni ndi machesi panja. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, pomwe poliyesita amasungunuka, amanunkha pulasitiki n'kusiya kachibulu kakuda kolimba. Poliyesita musamusakanize, amaterera pa makina ndipo sagwira mzere wa simbi. Zitenje zakale za amayi zimene zinachokera ku David Whitehead ku Blantyre, komwe pano ndi Mapeto, zinasokeka bwino kuposa zonse. Chitenje chakale chiyang'anitseni kudzuwa musanadule: pamene kuwala kukudutsa kwambiri, makamaka pakati pokhalira, palekeni, mudule cha m'mbali momwe mukadali mphamvu.

Chapani zonse musanagwire sizasi, zofiira ndi zabuluu pazokha mu beseni lina mpaka madzi asiye kusintha mtundu. Yanikani pamthunzi, sitani.

Muyeso wa buloko ndi mainchi 12 mbali zonse ikalowa m'chofunda, kutanthauza kuti ikamachoka pa makina iyenera kukhala mainchi 12 ndi theka, chifukwa kota ya inchi kumbali iliyonse idzalowa mumsoko. Dulani sikweya ya mainchi 12 ndi theka pa katoni yolimba, muilembe dzina lanu, muipachike pamsomali. Timiyeso ting'onoting'ono todulira zigamba pangani ndi chikuto cha pulasitiki cha fayilo yakale, chifukwa katoni imadyeka m'mphepete mukamazunguliza pensulo mwezi ndi mwezi.

Tsopano pano ndi pamene ndikufuna mukhale pansi mumvetsere, chifukwa ndi pamene ine panandigwetsa.

Msoko wa ntchito imeneyi ndi kota ya inchi, mamilimita 6, osawonjezera osachepetsa, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Amene tinazolowera kusoka madiresi dzanja limathawira ku msoko waukulu, theka la inchi kapena kuposa, poti pa diresi timasiya malo odzakulitsira. Ine ndinkadziwa zimenezi, ndipo ndinapeza kuti pa makina anga opalasa a Butterfly, m'mphepete mwa nsalu mukafanana ndi m'mphepete mwa kaphazi kopondereza nsalu, msoko umatuluka kota ndendende. Mabuloko a Januwale mpaka Epulo ndinasoka choncho, onse anakwana pa katoni ija bwinobwino, mpaka ndinasiya kuyeza.

Mu Meyi lamba wa makina anaduka, shatulo yogwira ulusi wapansi nayo inayamba kudula ulusi, makinawo anapita kwa okonza n'kukhalako miyezi itatu. Kuti mwezi usandidutse ndinkapita kukasokera kwa alamu anga ku Chilomoni, pa makina awo amagetsi. Ndinatsata kaphazi monga mwa masiku onse. Sindinaganizeko kuti kaphazi ka makina awo n'kotambalala kuposa kanga, moti msoko uliwonse unkatuluka mamilimita 9 m'malo mwa 6. Mamilimita atatu ndi kanthu koti diso silingakaone. Koma msoko umodzi umadya nsalu ziwiri, uku atatu uku atatu, ndiye pa msoko uliwonse buloko inkachepa ndi mamilimita 6. Buloko ya Meyi inali ndi misoko iwiri yokha m'mimba mwake, inachepa ndi theka la inchi. Ya Julayi inali ya timizere tozungulira sikweya yapakati, imene azungu amati log cabin, misoko 6 m'mimba mwake, inachepa ndi inchi imodzi ndi theka. Ndipo ine buloko iliyonse ikatha ndinkangoisita, kuisirira, n'kuiika mu pilo kesi. Katoni yanga inali phee pamsomali kunyumba.

Ndinadzazindikira mu Okutobala, tsiku limene ndinayala mabuloko onse pamkeka kuti ndione mmene chaka chikuyendera. Atatu apakati anali ngati ana pakati pa akuluakulu. Ndinakhala pamkekapo nthawi yaitali osalankhula, chifukwa mu buloko ya Julayi ndi mmene ndinaika chitenje chimene amayi ankakonda kuvala popita kuchigayo, ndipo chotsala chake panalibenso. Alamu anga atabwera anati, “Alamu, musalire, tisula basi.” Tinakhala awiri ndi lezala madzulo atatu. Nsalu yakale sifuna kusulidwa kawiri, mabowo a singano amatsala ndipo pena imang'ambika, ndiye ya Meyi ndi ya Juni zokha ndi zimene tinasula n'kusokanso. Ya Julayi ndinaopa kuikhudza. Ndinaizunguliza ndi kamzere ka nsalu yoyera ija, n'kuidula kuti ikwane pa katoni. Njira imeneyi imagwira pa buloko iliyonse yochepa. Yopitirira muyeso ndiye yovuta, chifukwa mukaidula m'mphepete mumadula nsonga za patani.

Kuti zisakuchitikireni, chitani izi musanasoke buloko yoyamba, ndipo mubwereze mukasintha makina, kaphazi, ngakhale singano. Dulani timizere titatu ta inchi imodzi ndi theka mulifupi. Tilumikizeni mbali ndi mbali, sitani, yezani. Kamzere kapakati kayenera kukhala inchi imodzi ndendende, ndipo tonse titatu pamodzi mainchi atatu ndi theka. Zikapanda kutero sunthani nsalu pang'ono, muyesenso ndi timizere tina mpaka zikwane. Mukapeza malo ake matani tepi ya pepala pa chitsulo cha pansi pa singano, kuunjika kanayi kapena kasanu kuti pakhale kachitunda kogundapo nsalu. Muzitsata tepiyo, kaphazi kasiyeni. Ndipo buloko iliyonse ikachoka pa simbi igone kaye pa katoni isanakalowe mosungira. Tepi yoyezera nayonso ikhale imodzi chaka chonse. Zotchipa zija zimatanuka zikakalamba, ndipo ndinapezapo ziwiri zogula malo amodzi zosiyana manambala.

Simbi nayo imasokoneza muyeso. Musaikhwekhwereze ngati mukusita malaya, ingotsitsani, dikirani pang'ono, nyamulani. Misoko igonetseni kumbali ya chitenje kuti isaonekere pa yoyera. Magetsi akazima simbi yamakala imagwira bwino lomwe, bola muyale kansalu pamwamba kuopa phulusa.

Za mapatani, yambani ndi osavuta. Januwale sokani wa masikweya 9, iliyonse yodulidwa mainchi anayi ndi theka, isanu ya chitenje, inayi yoyera, kusinthanitsa ngati bolodi ya drafuti. Febuluwale bwerezani yomweyo ndi chitenje china kuti dzanja likhazikike. Kuyambira Malichi lowani m'makona atatu: gundanitsani nkhope sikweya yoyera ndi ya chitenje, zonse za mainchi asanu, lembani mzere kuchoka ngodya iyi kufika ngodya iyo, sokani kota ya inchi uku ndi uku kwa mzerewo, dulani pamzere, tambasulani, muchepetse kufika mainchi anayi ndi theka. Mukadziwa kameneka, nyenyezi ndi mapatani ena ambiri ndi kungotembenuza tizidutswa tomweto. Ya log cabin sikweya yapakati dulani mainchi atatu ndi theka, timizere mainchi awiri, muzungulire katatu. Ku America sikweya yapakatiyo kawirikawiri amaika yofiira, amati ndi moto wa m'nyumba. Ine ndinaikapo ngodya ya chitenje cha kuchigayo chija, pamene amayi ankamanga mfundo ya ndalama. Makwinya a mfundoyo ndinachapa, ndinasita, sanachoke, ndipo mpaka lero chala chikadutsapo chimawamva.

Kusunga mwezi ndi mwezi n'kovuta kuposa kusoka. Buloko imodzi ndi ntchito ya maola atatu kapena anayi, koma mukapanda kuipatsa tsiku lake mwezi umatha muli “mawa, mawa”. Ine ndinasankha Loweruka loyamba la mwezi: Lachisanu usiku kudula, Loweruka masana kusoka, ana akudziwa kuti nthawi imeneyo amayi saitanidwa. Ndinalinso ndi kope la sukulu lolembamo mwezi, chitenje chimene ndadula ndi zimene ndikukumbuka za icho. Cha ukwati wa achemwali, cha msonkhano wa amayi a kutchalitchi, chimene amayi anga anaberekera mwana wanga woyamba tikuchoka kuchipatala. Poyamba ndinkalemba mzere umodzi, pofika Juni ndinkadzaza tsamba.

Ogasiti sindinasoke. Ndi mwezi umene amayi anamwalira, ndipo sutikesi ija sindinathe kuitsegula. Mwezi ukakudutsani chonchi musayese kubweza ndi patani yovuta. Mu Sepitembala ndinasoka awiri, mmodzi wa mweziwo, winayo wa masikweya 9 ngati wa Januwale, wa zidutswa za kwa telala zokhazokha. Zinandithandizanso kuti alamu anga atatha kusula kuja anayamba chawo, ndiye tsiku loyamba la mwezi pa WhatsApp pamabwera funso lakuti, “Mwadula?”

Mabuloko akakwana 12, ayaleni atatu m'mbali, anayi kutsika, musunthesunthe mpaka mitundu igawanike. Pakati pake ndi kuzungulira ikani timizere ta nsalu yoyera todulidwa mainchi awiri ndi theka. Mupeza mainchi 44 kwa 58. Onjezani mkombero wa chitenje wa mainchi 6 mbali zonse, chikwana 56 kwa 70, cha bedi ya munthu mmodzi. Chapakati chofewa chimene amaika kunjako kuno n'chosowa komanso chodula, ine ndinagula bulangete lopyapyala pa kaunjika, ndipo kumbuyo shiti ya thonje. Yalani zitatuzo pansi, shiti, bulangete, mabuloko pamwamba, gwirizitsani ndi mapini kuyambira pakati, musoke motsata misoko ya timizere toyera, kapena mungomanga mfundo za ulusi wokhuthala motalikirana chikhato chimodzi. M'mphepete pindirani ndi kamzere ka mainchi awiri ndi theka kopindidwa pawiri, monga mumachitira pakhosi pa bulauzi.

Changa ndinamaliza mu Febuluwale, mvula ikugwa, n'kuchisunga mpaka chiperoni cha mu Juni. Chili pa bedi ya mwana wanga wamkazi, yemwe uja anaberekedwa pa chitenje cha buloko ya Epulo. Usiku woyamba anandiitana kuti ndimuonetse buloko iliyonse ndi ya chitenje chiti, ndinatenga kope lija tinawerenga mpaka ya Julayi, iye n'kugona dzanja lili pa sikweya yapakati.