Kakonzedwe ka hummus kunyumba

Hummus ndi phala la tchana lopaka pa buledi lochokera ku Middle East. Tchana ali ndi mapuloteni ndi ayironi, ndipo sakweza shuga m'magazi mofulumira.

Zofunika: kapu imodzi ya tchana wouma, masipuni 3 a chitowe, ndimu imodzi, kachidutswa ka adyo, mchere, mafuta a olivi, theka la sipuni yaing'ono ya soda.

1. Viikani tchana usiku wonse. Madzi achuluke, chifukwa tchana amafufuma kwambiri.
2. Tayani madziwo. Wiritsani m'madzi atsopano ndi soda kwa ola limodzi kapena kupitirira.
3. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amaphula msanga. Finyani njere imodzi ndi zala. Ikapanda kuphwanyika ngati mbatata yowiritsa, abwerere pamoto, apo ayi hummus ituluka yamibulu. Makoko oyandama ayoleni.
4. Kazingani chitowe pamoto wochepa (chikapserera chimawawa), ndipo musinje mpaka chituluke mafuta.
5. Thiranimo madzi a ndimu, adyo, mchere, kenako tchana akadali wotentha. Gayani kapena sinjani mumtondo, mukuthira madzi ozizira pang'onopang'ono mpaka isalale.
6. Dontheretsani mafuta pamwamba. Mufiriji isapitirire masiku 4.