Kasemedwe ka thabwa la masewera akale a ku Ur

Thabwa la masewerawa linafukulidwa ndi katswiri wofukula zakale, Leonard Woolley, m'manda a mafumu a ku Ur, kumwera kwa Iraq, m'zaka za m'ma 1920. Linapangidwa cha m'ma 2600 BC, ndipo limodzi mwa matabwa amene anapezeka kumeneko likusungidwa ku British Museum ku London. Lili ndi timabokosi 20: chigawo chachikulu cha 12, chaching'ono cha 6, ndi kamlatho ka timabokosi tiwiri kolumikiza zigawozo. Ntchito yonse imalimba kapena kuwonongeka pa kamlathoka.

Pezani thabwa louma bwino la mlombwa kapena mbawa, lotalika masentimita 30, m'lifupi 12.5, lochindikala 2.5. Laliwisi limapindika likamauma, mizere n'kukhota. Mitsempha ya mtengo iyende motsata utali wa thabwa. Ikapingasa, kamlatho kamathyoka tsiku loyamba kugwa pansi.

Palani ndi pulena, kenako siyani sentimita imodzi m'mbali monse ndi kujambula mizere itatu ya timabokosi 8, kalikonse masentimita 3.5 mbali zonse. Gwiritsani sikweya, osati maso. Mzere uliwonse muyambe mwaucheka ndi mpeni wakuthwa musanaukumbe ndi tchizulo, kuya mamilimita 2, apo ayi mtengo umanyotsoka m'mphepete.

Timabokosi ta nambala 5 ndi 6 m'mizere iwiri yakunja ndi tochotsa, koma musafulumire. Malizani kusema konse thabwa likadali lathunthu, lili ndi mphamvu zake. Pochotsapo, yambani mwabowola kabowo ka mamilimita 6 pangodya iliyonse yamkati, macheka akathere m'kabowomo. Ngodya yosongoka ndiyo imayambitsa mng'alu, yozungulira pang'ono ayi. Siyaninso sentimita ija mbali zonse za kamlatho, ndipo pocheka ikani thabwa lina pansi pake, mupanikize zonse pamodzi. Ambiri amachekera m'malere, n'kumva thyoo! ntchito ya sabata yathunthu yapita.

Maluwa ojambula pa timabokosi alipo asanu: awiri pa timabokosi toyamba ta mizere yakunja, limodzi pa kachinayi ka mzere wapakati, awiri pa tachisanu ndi chiwiri ta mizere yakunja. Akalewo ankamatapo zigoba za m'nyanja ndi mwala wabuluu wa lapis lazuli. Utoto wofiira ndi wabuluu umakwanira, bola muyambe mwapaka vanishi wochepa kuti utotowo usalowerere m'mitsempha.

Tosewerera ndi 14, wosewera aliyense 7. Dulani mpini wa tsache m'tizidutswa ta mamilimita 6, theka mutidetse, kalikonse muikepo madontho asanu. Madayisi ndi a ngodya zinayi ngati kapiramidi ka tsinde la ngodya zitatu, mbali iliyonse masentimita 2, ndipo nsonga ziwiri zokha ndizo zimapakidwa zoyera. Semani anayi kuchokera pa mtengo umodzi, muwakhule ndi sandipepala mofanana, chifukwa lolemera mbali imodzi limangogwera komweko.